Kompyuta yakale: sungani ma driver musanafomate

Makompyuta ambiri amene ali m'mashopu osindikiza mapepala ku Old Town ndi m'masukulu a ku Kawale anabwera kuno atagwira kale ntchito kunja. Makina ake amakhala akadali olimba. Chimene chimayamba kusowa ndi ma driver, timapulogalamu timene timachititsa kuti Windows izimvana ndi pulinta, Wi-Fi, sikirini ndi masipika. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020 ndipo Windows 10 pa 14 October 2025. Nawonso opanga zida amachotsa ma driver akale pa intaneti pang'onopang'ono.

Ndiye musanafomate, tengani kaye amene alimo kale. Lowetsani fulashi ya 16 GB, pangani foda yotchedwa madriver, tsegulani Command Prompt (pulogalamu yolembamo malamulo pa Windows) ngati administrator n'kulemba pnputil /export-driver * E:\madriver, kusintha E ndi chilembo cha fulashi yanu. Pa Windows 7 lamuloli kulibe; koperani foda yonse ya C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository. Lembani pa fulashiyo mtundu wa makinawo komanso ngati Windows yake ndi ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa driver wa 32-bit salowa pa 64-bit ngakhale mutamukakamiza bwanji.

Mukaika Windows yatsopano, yambani ndi driver wa netiweki. Popanda iyeyo simungatsitse enawo. Akasowa, lumikizani foni ndi chingwe, muyatse USB tethering (kugawira kompyuta intaneti ya pa foni), koma yang'anirani bandulo chifukwa Windows Update imadya mosaumira.

Mu Device Manager, momwe Windows imaonetsa zida zonse za kompyuta, chida chopanda driver chimakhala ndi kachizindikiro kachikasu. Musamaganizire dzina lake. Dinani Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Pa zida zambiri za mkati mwa kompyuta muona VEN_ ndi DEV_ zotsatana ndi manambala. VEN ndi wopanga: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 10DE ndi NVIDIA, 1002 ndi AMD. DEV ndi chidacho. Fufuzani ndi manambala awiriwa, mutsitse driver kwa HP, Dell, Lenovo kapena kwa wopanga chidacho. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse kamodzi n'kamodzi apeweni. Ena amabwera ndi zotsatsa malonda ngakhalenso mavairasi. Driver watsopano akadetsa sikirini kapena kuthetsa mawu, bwererani pa wakale ndi Roll Back Driver. Wakale amene akugwira bwino musamusinthe chabe poti kwatuluka wina.

BIOS yokha, pulogalamu ya pa bodi imene imadzutsa kompyuta, musaisinthe ngati batire ya laputopu inafa kapena mulibe UPS, chida chosunga magetsi. Magetsi akathima ntchito yoisinthayo ili pakati, bodi ikhoza osadzukanso.

Pali poti mulekere kukakamira Windows. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachida ka chitetezo ka m'kompyuta, ndipo pa mapurosesa a Intel imayambira pa m'badwo wa 8 kupita kutsogolo. Makina a kumbuyo kwa apo amachita bwino ndi Linux Mint ya Xfce, imene imaikidwa m'malo mwa Windows. Iyeseni kaye kuchokera pa fulashi musanafufute kanthu: Wi-Fi, mawu, kamera, pulinta. Mu Terminal, molembamo malamulo a Linux, lembani lspci -nn kuti muone manambala a VEN ndi DEV aja. Wi-Fi ya Broadcom nthawi zambiri imafuna driver wapadera wa mu Driver Manager ya Linux Mint, choncho khalani ndi chingwe cha netiweki pafupi. Makhadi akale a zithunzi a NVIDIA amene ankadalira driver 340 kapena 390 wopanga anawasiya. Gwiritsani ntchito nouveau, driver wa pa Linux wa makhadi amenewa, yemwe amakwanira pa ntchito za muofesi koma pa magemu ayi. Makina a 32-bit okhaokha nthawi yawo ikutha: Debian 13 ya 2025, mtundu wina wa Linux, ilibenso choikira chawo.

Nanga pulinta kapena sikana yolimba imene driver wake anathera pa Windows 7? Musaitaye. Patulani kompyuta imodzi ya ntchito yokhayo, zulani chingwe cha intaneti, thimitsani Wi-Fi, ndipo mafulashi a makasitomala aziyamba ayesedwa mavairasi pa makina ena. Kompyuta imene mwaipumitsa chotsanimo hard disk musanaigulitse kwa amasipeya. RAM, chaja ndi kiyibodi sungani, zidzathandiza inzake ya mtundu womwewo.