Kusonkhanitsa zidole za Star Trek, Doctor Who ndi masewero ena otere: poyambira, ndi maganizo oyenera kuwamvera

Munthu amene wangoyamba kusonkhanitsa zidole zochokera m'masewero a pa wailesi yakanema ofotokoza za maulendo a mumlengalenga, maloboti ndi zolengedwa zakuthambo, amakumana ndi vuto limodzi asanagule n'chimodzi chomwe, ndipo vutolo ndi kuchuluka kwa alangizi. Uyu amuuza kuti Star Trek yeniyeni inatha mu 1969, uyo amuuza kuti mwa onse amene anasewerapo ngati Dokotala mu Doctor Who wabwino anali Tom Baker yekha, winanso amulumbirira kuti chidole chakutichakuti chidzakwera mtengo kakhumi pakatha zaka zisanu. Ine ndasonkhanitsa zidolezi kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti zonena za okonda masewerowa zili mitundu iwiri. Akamafotokoza mmene chidole chinapangidwira, pamene chimakonda kuthyoka ndi mmene chachinyengo chimaonekera, tcherani khutu, chifukwa amakhala atachigwirapo ndi manja awo. Akayamba kukuuzani chimene muyenera kukonda, kapena mtengo umene chidzakhale nawo m'tsogolo, amvereni mwaulemu koma musapise dzanja m'thumba.

Choyamba kuchita ndi kuonera. Zikumveka ngati zosafunika kuzitchula, koma alipo ambiri amene amadzaza kabati ndi zidole za sewero limene sanalionerepo mpaka kumapeto, ndipo oterewa ndi amene amatopa msanga n'kugulitsa zonse moluza. Sankhani sewero limodzi limene linakugwirani mtima, kenaka mulichepetsenso. Star Trek inayamba kuulutsidwa pa NBC ku America pa 8 September 1966, ndipo ngakhale yoyambayo inangokhala ndi magawo 79, pambuyo pake panabwera The Next Generation mu 1987, Deep Space Nine mu 1993, Voyager mu 1995 ndi zina zambiri, chilichonse ndi anthu ake, zombo zake ndi zidole zake. Doctor Who inayamba pa BBC pa 23 November 1963, inaima mu 1989, n'kubwereranso mu 2005. Palibe munthu wa ndalama zapakatikati amene angatolere zonse za masewero awiriwa. Koma mukanena kuti mukufuna anthu asanu ndi awiri oyendetsa chombo cha Enterprise choyamba, kapena ma Dalek (adani ooneka ngati maloboti a mu Doctor Who) okhaokha, mwadziikira malire amene mungawafike, ndipo tsiku limene mudzapeze chidole chomaliza mudzamva kukoma kumene wogula mwachisawawa sakudziwa.

Mukasankha sewero, sankhaninso msinkhu wa zidole. Zambiri zimapangidwa m'misinkhu yodziwika: za masentimita pafupifupi 9.5, zimene zinatchuka ndi kampani ya Kenner kuyambira mu 1978. Za masentimita 15. Za masentimita 20 zovala nsalu, ngati za Star Trek zimene kampani ya Mego inatulutsa mu 1974. Ndi zazikulu za masentimita 30, zomwe ndi zodula kwambiri. Zidole za misinkhu yosiyana zikaima pashelefu imodzi sizioneka bwino, ndipo zazikuluzo zimadya malo mofulumira kuposa mmene munthu amaganizira pogula choyamba.

Tsopano tifike pa maganizo a okonda masewerowa, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Anthuwa si owapeputsa. Mu 1968 analembera NBC makalata ochuluka opempha kuti Star Trek isaimitsidwe, ndipo inapitirira chaka china. Mu 1976 makalata awo anachititsa kuti chombo choyamba choyesera cha mtundu wa space shuttle cha ku America chipatsidwe dzina lakuti Enterprise. Maso awo pa zinthu zing'onozing'ono ndi akuthwa zedi. Kampani ya Dapol ya ku Britain itayamba kupanga zidole za Doctor Who chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, okonda seweroli anaona msanga kuti tebulo loyendetsera chombo cha TARDIS linali ndi mbali zisanu pamene m'sewero lili ndi zisanu ndi chimodzi, kuti galu wa loboti K9 anali wobiriwira pamene ayenera kukhala wotuwa, ndiponso kuti Davros, wopanga ma Dalek, amene m'sewero amagwiritsa ntchito mkono umodzi wokha, anali ndi mikono iwiri. Chidziwitso chotere n'chimene muyenera kuchifunafuna. Musanagule chidole, werengani zimene alemba amene anachigula kale, ndipo m'zolembazo muzifuna mfundo zogwirika: kodi nkhope ikufanana ndi ya wosewerayo, kodi chimaima chokha osagwa, kodi utoto umasupuka, kodi mwendo umathyoka polumikizira? Anthu atatu osadziwana akadandaula za bondo lomwelo, dziwani kuti bondolo lili ndi vuto.

Koma anthu omwewa akayamba kukangana za amene ali woyendetsa chombo wabwino pakati pa Kirk wa mu Star Trek yoyamba ndi Picard wa mu The Next Generation, kapena ngati kunali koyenera kuti Jodie Whittaker akhale mkazi woyamba kukhala wosewera wamkulu mu Doctor Who, nkhaniyo yachoka pa zogwirika yalowa pa zokonda. Mikangano imeneyi ndi yokoma kuimvetsera, ndipo ine ndimalowamo nawo ndi mtima wonse, koma kawirikawiri munthu amateteza sewero limene anaonera ali mwana. Sindinaonepo chifukwa choti munthu asiye chidole chimene chikumusangalatsa poti gulu lanena kuti chigawo chimene chinachokera sichinali chabwino. Ndiponso maganizo a gulu amasintha. Deep Space Nine inkanyozedwa ndi ena pamene inkaulutsidwa, ati chifukwa nkhani yake inkachitikira pamalo amodzi m'malo moyendayenda m'mlengalenga, koma lero ambiri amaiika pakati pa zabwino koposa.

Pa nkhani ya mtengo m'pofunika kusamala kwambiri, makamaka mukamva mawu akuti chidole ndi chosowa. Mu 1996 kampani ya Playmates, imene inkalemba nambala pansi pa phazi la chidole chilichonse cha Star Trek, inatulutsa chidole cha Picard ndi china cha Tasha Yar, mkulu wa chitetezo m'chombo chake, chilichonse zidole 1,701 zokha, potengera nambala ya chombo cha Enterprise, NCC-1701. Osonkhanitsa ambiri amene ankafuna kukhala ndi mndandanda wathunthu anakwiya, chifukwa zidolezo zinkagulitsidwa pamitengo yoti munthu wamba sangaikwanitse, ndipo ena anasiyiratu kusonkhanitsa. Mu 1998 kampaniyo inatulutsanso zidolezo m'bokosi limodzi. Chosowa lero chikhoza kupangidwanso mawa, ndipo amene amalamula zimenezo ndi kampani. Kumbali inayo, mu 2023 kampani ya Funko, yopanga tizidole ta mitu ikuluikulu, inalengeza kuti itaya katundu wa ndalama zapakati pa madola 30 miliyoni ndi 36 miliyoni chifukwa nyumba zake zosungiramo zinali zitadzaza. Zidole zakale zimene zili ndi mtengo lero zinafika pamenepo chifukwa ana anaziseweretsa, kuzithyola ndi kuzitaya, n'kutsala zochepa. Zamakono anthu ambirimbiri akuzisunga m'mabokosi osatsegula, choncho n'zokayikitsa kuti zidzasowa chimodzimodzi.

N'chifukwa chake ndimalangiza kudekha chidole chikangotuluka kumene. Pa Khirisimasi ya 1992 ku Britain makolo anavutika kusaka chidole cha chilumba cha Tracy Island cha m'sewero la Thunderbirds, mpaka pulogalamu ya ana ya Blue Peter inaphunzitsa kupanga chilumbacho ndi makatoni ndi zigubu zotha ntchito. Chakumapeto kwa 2019, sewero la The Mandalorian litayamba, zidole za Grogu, kamwana ka cholengedwa chakuthambo ka m'seweroli, kunalibe m'masitolo chifukwa opanga seweroli anabisa za kamwanako mpaka tsiku loulutsa. Patangopita miyezi ingapo zinali paliponse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene amalipira ogulitsa okweza mitengo m'masabata oyambirira ndi amene amadzadandaula.

Funso lina limene limagawanitsa osonkhanitsa ndi lakuti chidole chitsegulidwe kapena chisiyidwe m'bokosi. Ngati ndi chakale ndipo chafika kwa inu chili chomata kuyambira kufakitale, musachitsegule, chifukwa mbali yaikulu ya mtengo wake ili m'katoni ndi pulasitiki woonekera amene wachikuta. Mukafuna choti muzichigwira, gulani china chotsegula kale, chomwe chimakhala chotsikirapo. Ngati ndi chatsopano, ine ndimatsegula, n'kusunga bokosilo pamalo ouma.

Pogula chidole chimene chinali ndi mwini wake, m'pamene luso lenileni limafunika. Chitembenuzeni muone pansi pa phazi, kumbuyo kwa ntchafu kapena pamsana, pamene opanga amadinda dzina la kampani, chaka ndi dziko limene chinapangidwira. Pa chenicheni zilembozo zimakhala zakuthwa ndi zowerengeka bwino, pamene pa chachinyengo zimakhala zofufutika ngati zasungunuka, chifukwa achinyengo amaumba chikombole chawo kuchokera pa chidole chenicheni ndipo tizinthu ting'onoting'ono timatayika. Yang'anani maso, poti ndi pamene utoto wa achinyengo umalephera kawirikawiri: diso lina kukwera, lina kutsika. Pindani mawondo ndi zigongono pang'onopang'ono kuti mumve ngati zili zolimba kapena zolobodoka. Samalaninso ndi tizida ting'onoting'ono monga timfuti, malamba ndi zovala, chifukwa n'timene timasowa msanga, ndipo pali anthu amene amapanga tatsopano tofanana ndi takale. Kugula totengerato si kulakwa ngati wogulitsa wanena poyera, koma musalipire mtengo wa chenicheni. Chikakhala chomata pakatoni, unikani m'mphepete mwa pulasitiki woonekerayo. Mukaona guluu wotuphuka kapena pepala lonyotsoka, ndiye kuti chinatsegulidwa n'kumatidwanso. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo chithunzi chimodzi chokongola cha kutsogolo sichikwanira. Mukamagula pa intaneti, pemphani zithunzi za kumbuyo, za pansi pa mapazi ndi za m'makona a bokosi, zojambulidwa ndi wogulitsayo osati zotengedwa kwa kampani. Wokana kutumiza zithunzi zotere musiyeni.

Chidole chikafika m'nyumba, adani ake ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Kuwala kwa dzuwa kumafwifwitsa utoto, ndipo pulasitiki woyera wolimba, ngati wa zombo zambiri, amasanduka wachikasu. Ine ndinaphunzira izi mochedwa: ndinaika chombo changa choyamba pafupi ndi zenera kuti chizioneka bwino m'mawa, ndipo patatha chaka mbali yoyang'ana kunja inali yachikasu pamene inayo inali idakali yoyera mbee. Ena amayeretsa zotere ndi mankhwala a hydrogen peroxide, koma chikasucho chimakonda kubwerera, ndipo pa chidole chodula sindingalangize. Pulasitiki wofewa wa PVC, amene amapangira mitu, manja ndi zikhoto, amatulutsa mafuta ake akakhala potentha, chidole n'kuyamba kunanda m'manja. Chitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wofewa, chiume pamthunzi. Musagwiritse ntchito mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, chifukwa amasungunula utoto ndi pulasitiki yemwe. Chinyezi chimabweretsa nkhungu pa makatoni ndi pa zovala za nsalu, choncho ikani timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi, m'mabokosi osungiramo, ndipo mabokosiwo asagunde pansi kapena khoma lozizira. Zidole za Mego zinalumikizidwa m'kati ndi lasitiki amene amafooka ndi ukalamba, ndiye musazikoke miyendo. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kopentera. Ndipo chilichonse choyendera mabatire, kaya ndi Dalek wolankhula kapena chombo choyaka magetsi, chichotseni mabatirewo musanachisunge, chifukwa akatha amatuluka madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati.

Ngati m'nyumba muli ana aang'ono, zidole zakale zikhale pamwamba kapena m'kabati yotseka. Chakumapeto kwa 1978 ku America mwana wa zaka zinayi anamwalira atatsamwa ndi kamzinga ka pulasitiki kochokera m'chombo choseweretsa cha sewero la Battlestar Galactica, ndipo kampani ya Mattel inaitanitsa timizingato n'kusintha kapangidwe kake kuti tisamafwamphuke. Zombo zoyambirirazo zikupezekabe m'manja mwa osonkhanitsa, ndipo zinapangidwa malamulo ambiri a masiku ano oteteza ana asanakhwime.

Chotsala ndi kaundula. Gulani kabuku, kapena tsegulani tsamba pa kompyuta, ndipo chidole chilichonse chikalowa lembani dzina lake, kampani, chaka chodindidwa pathupi pake, tsiku limene mwagula, ndalama zimene mwalipira ndi tizida timene chabwera nato, n'kuchijambula kutsogolo ndi kumbuyo. Tizidato tiikeni m'timatumba tating'ono tolembedwa dzina la mwini wake, chifukwa timfuti ta zidole khumi tikasakanikirana m'chitini chimodzi simudzadziwanso kuti aka n'ka yani. Kumapeto kwa kabukuko siyani tsamba la zimene mukuzifunabe, pambali pa chilichonse mulembe ndalama zimene simungapitirire, ndipo muzilitsegula tsambalo nthawi iliyonse wina akakuuzani kuti mugule lero chifukwa mawa chidzakhala chitatha.