Momwe mungasamalire shuga wa m'magazi pamene muli oyembekezera

Pali mtundu wa matenda a shuga umene umagwira mayi chifukwa cha pakati, ngakhale asanadwalepo shuga chibadwire. Kawirikawiri umaonekera mimba ikadutsa theka. Nsengwa, imene imadyetsa mwana m'chiberekero, imatulutsa zinthu zotchedwa mahomoni, zimene zimafooketsa insulini, chinthu chopangidwa ndi kapamba, pa ntchito yake yolowetsa shuga m'maselo a thupi. Kwa amayi ambiri kapamba amangowonjezera insulini, zinthu n'kumayenda bwino. Kwa ena amalephera, ndiye shuga amatsalira m'magazi. Shugayo amadutsa pansengwa n'kukafika kwa mwana, mwanayo n'kuyamba kupanga insulini wambiri ndi kunenepa kupitirira muyezo.

Mwana wamkulu kwambiri amatha kukodwa mapewa pobadwa, kapena kuchititsa kuti mayi achire pa opaleshoni. Akangobadwa shuga wake amatha kutsika kwambiri, ndipo ena amachita chikasu. Mayi nayenso amakhala pachiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba. Zonsezi zimachepa kwambiri shuga akasamalidwa, ndipo amayi ochuluka amamugonjetsa ndi kadyedwe ndi kuyenda basi.

Yambani ndi kuyezetsa, musadikire zizindikiro

Ludzu, kutopa ndi kukodza pafupipafupi, mayi woyembekezera aliyense amazidziwa, choncho sizingakuuzeni kanthu. Ambiri odwala shuga wa pa mimba samva chachilendo chilichonse. Nthawi yoyezetsa ndi pakati pa masabata 24 ndi 28. Koma uzani anamwino msanga, pa ulendo woyamba wa kusikelo, ngati munakhalapo ndi shugayu pa mimba ina, ngati munaberekapo mwana wolemera makilogalamu 4 kapena kuposa, ngati kholo lanu kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali ndi shuga, kapena ngati ndinu onenepa kwambiri. Otere amayezedwa mimba ikadali yaing'ono.

Kuyezaku kumafuna kukonzekera. Mumagona osadya kanthu kwa maola osachepera 8, madzi okha ndiwo ololedwa. Mamawa akutengani magazi, kenako akupatsani madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga, n'kukutenganinso magazi pakatha ola limodzi ndi pakatha maola awiri. Muyenera kukhala pansi nthawi yonseyo, osadya, osayendayenda. Malinga ndi muyezo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2013, mayi ali ndi shuga wa pa mimba ngati magazi oyamba afika 5.1 mmol/L (uwu ndi muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'magazi), achiwiri 10.0, kapena achitatu 8.5. Nambala imodzi yokha ikafika pamenepo, basi zatsimikizika. Zipatala zina zimatsata miyezo yosiyanako pang'ono, ndiye funsani umene akugwiritsa ntchito.

Phunzirani kudziyeza nokha ndi kulemba

Akakupezani nawo, chida chanu chachikulu ndi kamakina koyezera shuga ndi kope. Sambani m'manja ndi sopo n'kupukuta bwino musanabaye chala, chifukwa kamadzi ka chipatso kotsalira pakhungu kamanamiza makinawo. Bayani cha m'mbali mwa nsonga ya chala, sipapweteka ngati pakati, ndipo muzisinthasintha zala.

Ambiri amauzidwa kuyeza kanayi patsiku: mukangodzuka musanalawe kanthu, ndiponso pambuyo pa chakudya cha m'mawa, chamasana ndi chamadzulo. Malire amene madokotala ambiri amatsata ndi awa: mukadzuka, shuga akhale pansi pa 5.3 mmol/L, patatha ola limodzi chiyambireni kudya, pansi pa 7.8, ngati mukuyeza patatha maola awiri, pansi pa 6.7. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ndipo pamenepo manambalawa ndi 95, 140 ndi 120. Onetsetsani kuti mukudziwa chimene makina anu akuwerenga.

Pambali pa nambala iliyonse lembani chimene munadya ndi kuchuluka kwake. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Matupi amasiyana: chakudya chimene chimakweza shuga wa mayi wina, mnzake sichimuvuta. Pakatha sabata kopelo lidzakuonetsani zokuyenerani ndi zosakuyenerani kuposa mndandanda uliwonse wa zakudya. Ndipo musabise manambala oipa poopa kudzudzulidwa. Dokotala akaona manambala okongoletsedwa adzakupatsani thandizo losayenera.

Konzani mbale, koma musadzimane chakudya

Cholakwika chimene amayi ambiri amachita akamva mawu akuti shuga ndi kusiya kudya. Nambala imatsikadi, koma thupi limayamba kuphwanya mafuta ake ndipo m'magazi mumadzala zinthu zotchedwa maketoni, zimene sizabwino kwa mwana. Ino si nthawi yochepetsa thupi. Mwana akufunika chakudya, kuphatikizapo chokhutitsa. Nkhani ndi ya kuchuluka kwake pa nthawi imodzi ndi mtundu wake.

Gawani chakudya cha tsiku katatu, pakatipo muikepo tizakudya tochepa topha njala kawiri kapena katatu. Pambale, theka likhale ndiwo zamasamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyama, nsomba, mazira kapena nyemba, ndipo lotsalalo likhale chokhutitsa monga mpunga, mbatata, buledi kapena chakudya cha ufa, chosaposa kukula kwa chibakera chanu. Mbewu zosachotsa gaga zimalowa m'magazi pang'onopang'ono kusiyana ndi zoyeretsedwa. Chokhutitsa musachidye chokha. Chikatsagana ndi ndiwo zomanga thupi ndi masamba, shuga sakwera mothamanga.

Zakumwa zotsekemera zisiyeni kotheratu: zoziziritsa kukhosi, tiyi wothira shuga, ngakhale juwisi amene pabotolo alembapo kuti ndi wa zipatso zokhazokha. Uchi nawo ndi shuga ndithu, kaya anthu aukometsere chotani. Chipatso chidyeni chathunthu, chimodzi pa nthawi, makamaka pakati pa zakudya. Ludzu lithetseni ndi madzi.

Chakudya cha m'mawa ndicho chimavuta ambiri, chifukwa nthawi imeneyo thupi limakana insulini kwambiri. Ngati nambala ya pambuyo pa chakudya cha m'mawa ikukwera tsiku ndi tsiku, chepetsani chokhutitsa cha nthawi imeneyo, muonjezere dzira kapena china chomanga thupi.

Yendani mukatha kudya

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Kuyenda ndawala mphindi 10 mpaka 15 mukangotha kudya kumaoneka pa nambala ya tsiku lomwelo. Cholinga ndi mphindi 30 patsiku, kapena 150 pasabata. Ngati mukutaya magazi, mimba ikupweteka, kapena anakuletsani ntchito zolemetsa, funsani kaye.

Mankhwala akafunika, musawakane

Pakatha sabata imodzi kapena awiri manambala akadali pamwamba, dokotala adzakuyambitsani mapiritsi a metformin kapena jakisoni wa insulini. Ngati shuga anapezeka wokwera kwambiri poyamba pomwe, insulini amayambika nthawi yomweyo. Ena zimawapweteka mumtima ngati kuti alephera. Ayi ndithu. Mahomoni a nsengwa amachulukirachulukira mimba ikamakula, moti kadyedwe kamene kanali kokwanira pa masabata 28 katha kuperewera pa masabata 34. Nambala ya mukangodzuka makamaka siimvera chakudya kwenikweni. Insulini sadutsa pansengwa kupita kwa mwana. Koma mankhwala azitsamba, kapena mapiritsi a shuga a munthu wina, musawakhudze.

Amene akubaya insulini adziwe zizindikiro za shuga wotsikitsa: kunjenjemera, thukuta, chizungulire, njala yadzidzidzi, mtima kugunda mofulumira. Nambala ikatsika kufika pansi pa 4.0 mmol/L, apa pokha ndi pamene chotsekemera chimakhala mankhwala. Imwani theka la kapu ya juwisi kapena madzi osungunuliramo supuni yaikulu imodzi ya shuga, dikirani mphindi 15, muyezenso. Akunyumba nawonso azidziwe zimenezi.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

Mwana wasiya kusuntha monga mwa masiku onse. Mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, kapena nkhope ndi manja zatupa mwadzidzidzi. Mukusanza osatha kusunga chakudya. Madzi kapena magazi ayamba kutuluka. Musadikire tsiku lanu la sikelo.

Pochira ndi pambuyo pake

Kambiranani ndi dokotala za tsiku lochira nthawi ikadalipo. Mayi wa shuga nthawi zambiri saloledwa kupitirira kwambiri tsiku loyembekezeka, ndipo ayenera kuchilira kuchipatala kumene angathe kuyeza shuga wa khanda. Muyamwitseni mwana mkati mwa theka la ola chibadwire, kenako maola awiri kapena atatu alionse, kuti shuga wake asatsike.

Nsengwa ikatuluka, shuga wa amayi ambiri amabwerera mwakale ndipo mankhwala amaimitsidwa. Apa ndi pamene ambiri amaiwalira, poti maso onse ali pa khanda. Komatu pafupifupi theka la amayi amene anakhalapo ndi shuga wa pa mimba amadzadwala shuga wokhalitsa m'tsogolo. Kayezetseninso pakati pa masabata 6 ndi 12 mutachira, ndipo kuchokera pamenepo muziyezetsa chaka ndi chaka. Kuyamwitsa, kuyenda ndi kubwezera thupi pa muyezo wabwino kumachepetsa chiopsezocho. Mukafuna kutenganso pakati, yezetsani shuga kaye musanaime, ndipo ku sikelo mukawauze mbiri yanu pa tsiku loyamba.