Momwe mungathanirane ndi chimfine chotupitsa nkhope ya nkhuku

Chimfine chimenechi, chomwe madokotala a ziweto amachitcha coryza, chimayamba ndi bakiteriya amene kale ankatchedwa Haemophilus paragallinarum, koma kuyambira mu 2005 amadziwika ndi dzina loti Avibacterium paragallinarum.

Choyamba, yang'anitsitsani nkhope za nkhuku zanu m'mawa musanazipatse chakudya. Yodwala imatupa m'munsi mwa maso, zikope zimamatana ndi manthongo, ndipo mamina ake amanunkha moti fungo limakupezani mukangotsegula khola. Zizindikiro zimaoneka pakangopita tsiku limodzi mpaka masiku atatu nkhuku itatenga matendawa, ndipo mazira amatha kutsika ndi 10 mpaka 40 pa 100 aliwonse. Patulani zodwalazo nthawi yomweyo ndipo mutsuke zomweramo zonse, chifukwa mamina akagwera m'madzi khola lonse limamwa matendawo.

Kenako itanani dokotala wa ziweto kuti atsimikize kuti si chitopa, ndipo akuuzeni mlingo wa mankhwala monga oxytetracycline kapena erythromycin. Musanyengedwe ndi mankhwala otchipa opimidwa m'timapepala topanda dzina, pakuti simudziwa chomwe mukuthira m'madzimo.

Pamene ine ndinalakwitsa kwambiri ndi apa. Nkhuku zanga zitachira, nkhope zitaphwa ndipo zikudya bwino, ndinazibweza m'khola momwe munali misoti imene ndinali nditangogula kumene. Sabata isanathe, misotiyo inayamba kuyetsemula, ndipo wina ndinaupeza utaima pakona diso limodzi litatsekeka. Dokotala anandifotokozera kuti mankhwala amangoziziritsa zizindikiro, koma nkhuku yochira imasunga bakiteriyayo kwa nthawi yaitali, mwina moyo wake wonse, ndipo imapatsira zinzake ngakhale ikuoneka yathanzi. Choncho yochira isasakanikirane ndi zatsopano, ngakhale khola lina litakuchepelani. N'chifukwa chakenso sindikhulupirira wogulitsa misoti amene amazemba ndikamufunsa ngati khola lake linadwalapo, chifukwa ena amazipatsa mankhwala kwa masiku ochepa n'kuzigulitsa zikuoneka bwino.

Gulu lodwalalo likachoka, tsukani khola ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo likhale lopanda nkhuku kwa masabata awiri kapena atatu, popeza bakiteriyayu sakhalitsa kunja kwa thupi la nkhuku. Misoti yatsopano ibayidwe katemera kawiri, motalikirana pafupifupi masabata anayi, isanayambe kuikira.