Momwe mungayambire kuwerenga makomiki a ma superhero osasokera panjira

Ambirife Batman, Spider-Man ndi Black Panther tinawadziwira m'mafilimu, ena mpaka m'mavidiyo sho momwe amawalankhulitsa Chichewa muja, ndiye ukamva zoti nkhani zonsezi zinachokera m'makomiki umafuna uziwerenge wekha. Vuto limayamba ukangotsegula intaneti. Superman anatuluka koyamba mu 1938, Batman mu 1939, Spider-Man mu 1962, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makampani awiri omwe amapanga makomikiwa, DC ndi Marvel, akhala akutulutsa mwezi ndi mwezi osapuma. Munthu amaona mulu umenewu nkugwa ulesi asanayambe nkomwe. Koma abale simukuyenera kuwerenga zonse ayi, olo amene amalemba makomikiwa sanawerenge zonse. Chofunika ndi kupeza nkhani imodzi yokhala ndi poyambira ndi pothera, yolembedwa ndi munthu mmodzi, basi.

Choyamba sankhani ngwazi imodzi yokha. Osati atatu, osati gulu lonse la Avengers. Tengani yemwe mukamuona mufilimu mtima umati myaa, chifukwa muzikhala naye nthawi yaitali ndithu.

Chachiwiri mumvetse mmene zinthuzi zimagulitsidwira, apa ndi pomwe anthu amataya ndalama. Komiki imatuluka ngati kabuku kopyapyala kokhala ndi nambala, masamba ankhani amakhala 20 ndi kenakake, ndiye nkhani imodzi imatha kutenga timabuku 4, 6 kapena 12. Ikatha amaisonkhanitsa mu buku limodzi lomwe amati trade paperback, ndipo ilo ndi lomwe inu muzifuna. Ndikupatseni chitsanzo, nkhani ya Spider-Man ya mu 1987 yotchedwa Kraven's Last Hunt ili ndi magawo 6 koma magawowo anamwazikana m'maina atatu osiyana, awiri mu Web of Spider-Man, awiri mu Amazing Spider-Man, awiri mu Spectacular Spider-Man. Wongotsata manambala a dzina limodzi aphonya magawo 4 nkumati nkhaniyi ndi yosamveka, chonsecho vuto ndi kagulidwe. Muzisaka dzina la nkhani, osati nambala. Komanso musamapusitsike ndi nambala 1, makampaniwa amayambiranso manambala pafupipafupi pofuna malonda.

Tsopano chachitatu, chomwe ndi chenicheni cha nkhani yonseyi, nkhani zoyambira.

Ngati mwasankha Batman, tengani Batman: Year One ya mu 1987, analemba ndi Frank Miller nkujambula David Mazzucchelli, magawo 4 okha, mutha kumaliza madzulo amodzi. Ine iyi ndimaiika pamwamba pa zonse kwa munthu woyamba kumene chifukwa simukufunika kudziwa kalikonse. Theka la nkhani ndi la wapolisi Jim Gordon yemwe wangofika mu Gotham pasitima, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo wapeza kuti polisi yonse yaola ndi ziphuphu kuyambira kwa bwana wamkulu mpaka mnzake woyenda naye mugalimoto. Akakana kudya nawo anzake omwewo amamudikira atabisa nkhope nkumuswa ndi zibonga. Mbali inayi Bruce Wayne sanakhale katswiri, usiku woyamba kutuluka zimamuvuta koopsa, amaomberedwa ndi apolisi nkufika kunyumba magazi ali chuchuchu, wakhala pampando akuganiza ngati aitane wantchito wake amuthandize kapena angofa, kenako mleme ukuswa galasi la windo. Mukaona tsamba limenelo mudzamvetsa chifukwa chake anthu amalimbikira makomiki. Mukamaliza pitani pa The Long Halloween ya Jeph Loeb ndi Tim Sale, magawo 13, ya chigawenga chomwe chimapha pa masiku a tchuthi okhaokha, ndipo ndi momwe muone kugwa kwa Harvey Dent, loya wa boma yemwe amathandizana ndi Batman.

Superman anthu amamunena kuti ndi wobowa eti poti palibe chomugonjetsa. Amene amatero sanawerenge All-Star Superman ya Grant Morrison ndi Frank Quitely, inayamba mu 2005 nkutha mu 2008, magawo 12. Mdani wake Lex Luthor amamutchera msampha kufupi ndi dzuwa, thupi lake limamwa mphamvu yopyola muyeso ndipo amauzidwa kuti akufa, ndiye nkhani yonse ndi ya zomwe munthu amasankha kuchita masiku ake akatsala ochepa. Tsamba loyamba limafotokoza mbiri yake yonse ndi zithunzi 4 ndi mawu 8 basi. Mu gawo 10 muli tsamba lina loti mtsikana waima pamwamba pa nyumba yosanja akufuna kudziponya, foni ikugwa mmanja mwake, Superman akutulukira kumbuyo kwake mwakachetechete nkumuuza kuti dokotala wake wachedwadi panjira sanamutaye, kenako akumukumbatira. Palibe chibakera olo chimodzi patsamba limenelo koma ndi lomwe owerenga ambiri amalikumbukira kuposa ndewu zonse.

Wa Spider-Man njira yophweka ndi Ultimate Spider-Man yomwe Brian Michael Bendis ndi Mark Bagley anayamba mu 2000. Anaiyambiranso nkhani ya Peter Parker pachiyambi penipeni ali mwana wasukulu, ndipo awiriwa anagwira limodzi magawo oposa 100, ndiye mulibe zosinthasintha. Kumapeto kwa msewu womwewu ndi komwe kunatulukira Miles Morales, Spider-Man watsopano, mu 2011. Kraven's Last Hunt ija muisunge kaye, ndi yolemera, munthu amaikidwa m'manda ali moyo, siyoyambira.

Black Panther tiimepo pang'ono. T'Challa, mfumu ya ku Wakanda yemwe ndiye Black Panther, anatuluka koyamba mu 1966 mu Fantastic Four nambala 52, anamupanga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, koma zambiri zomwe munazikonda mufilimu ya 2018 zinabwera pambuyo pake ndi alembi ena. Killmonger anachokera mu Panther's Rage ya Don McGregor yomwe inatuluka kuyambira 1973 mpaka 1975, nkhani yonse ikuchitikira ku Wakanda ndipo pafupifupi anthu onse ndi akuda, zomwe nthawi imeneyo ku America sizinali zachizolowezi. Kalembedwe kake ndi kakalekale, mawu amachuluka, ndiye ngati Chingelezi chambiri chimakutopetsani musayambire apo. Asilikali achizimayi aja a Dora Milaje anabwera ndi Christopher Priest mu 1998, ndipo ine ndimati yambirani pa Priest. Nkhani yake amaifotokoza ndi Everett Ross, mzungu wogwira ntchito m'boma la America yemwe wapatsidwa ntchito yoperekeza mfumu ikabwera ku New York, iye amasimba modumphadumpha koma mukapirira magawo oyamba mupeza T'Challa wochenjera kwambiri, woti adani ake akamaganiza kuti amugwira iye anawaonera kalekale. Ya Ta-Nehisi Coates ya mu 2016, yojambula Brian Stelfreeze, imafunsa ngati dziko lotsogola chonchi likufunikirabe kulamulidwa ndi mfumu, anthu a ku Wakanda akuukira. Ndi yabwino koma imayenda pang'onopang'ono, ikhale yachiwiri.

Ya X-Men yomwe sindingaisiye ndi God Loves, Man Kills ya mu 1982, analemba Chris Claremont nkujambula Brent Anderson, buku limodzi lokha. Imayamba ndi ana awiri akuthamangitsidwa usiku nkuphedwa pabwalo losewerera chifukwa cha mmene anabadwira, ndipo amene akusonkhezera chidanicho ndi mlaliki William Stryker yemwe akuuza anthu pa TV kuti ma mutant, anthu obadwa ndi mphamvu zapadera ngati a X-Men, si anthu. Ife kuno taona zomwe abale athu achialubino akumana nazo, ndiye masamba oyambawo sangakudutseni ngati nthano wamba, amaluma. Ngati mukufuna zaphokoso ndi zakuthambo pali The Dark Phoenix Saga ya mu 1980 ya Claremont yemweyo ndi John Byrne. Mmenemu mupezanso Storm, yemwe mayi ake ndi a ku Kenya ndipo anakulira mmisewu ya Cairo.

Wofuna nkhani ya mtsikana wamasiku ano atenge Ms. Marvel ya mu 2014 ya G. Willow Wilson ndi Adrian Alphona, Kamala Khan mwana wachisilamu wa ku Jersey City amene akulimbana ndi zigawenga uku makolo akufuna azifika pakhomo nthawi yabwino. Iyi olo mwana wa sekondale mutha kumupatsa.

Chachinayi ndi kawerengedwe, zikumveka zachibwana koma anthu amalakwitsa. Makomiki aku America amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamwamba kutsika pansi, mosiyana ndi manga aku Japan omwe amayambira kumanja. Mawu amu kabokosi ka makona nthawi zambiri ndi maganizo a munthu kapena wofotokoza nkhani, amu chozungulira chokhala ndi kamchira ndi omwe akuyankhulidwa mokweza, kamchirako kamaloza woyankhulayo. Ndipo chonde musamangothamangira mawu okha. Yambani mwaona tsamba lonse, kenako mawu, kenako bwererani pa nkhope ndi manja a anthuwo, wojambula amanena zambiri zomwe mlembi sanalembe. Pafoni muzitembenuza sikirini chogona mukafika pa chithunzi chodzaza masamba awiri.

Chachisanu, kozipeza. Marvel ili ndi app yake yotchedwa Marvel Unlimited, DC ili ndi DC Universe Infinite, zonse ndi zolipira pamwezi ndipo zimafuna khadi ya kubanki yotha kulipira pa intaneti, ndiye yambani mwaona ngati zikutseguka komwe muliko musanataye ndalama. Mukalowa muzipanga dawunilodi muli pa WiFi kuti muziwerenga bandulo isakutha, zithunzi zimadya data sizocheza. Kwa amene thumba silikulola pali Batman: Wayne Family Adventures pa Webtoon, ndi yaulere, inayamba mu 2021, yopepuka komanso anaipanga kuti uzingotsitsa ndi chala pafoni. Mabuku enieni ndi odula, ndiye muziyang'ana kwa ogulitsa mabuku akale, kapena m'bale wa ku Joni kapena ku UK akamabwera mumutumizire dzina lenileni la buku ndi la mlembi pa WhatsApp, chifukwa mukangoti mundigulire Batman akubweretserani gawo lapakati la nkhani yomwe simukuidziwa mutu wake. Mukakhala anthu angapo aliyense agule lake muzisinthana.

Musaiwalenso kuti ma superhero si aku America okha. Ku South Africa kuli Kwezi wa Loyiso Mkize, mnyamata wamutauni wokonda kutchuka yemwe akuzindikira kuti mphamvu zake zili ndi udindo kwa makolo ake. Ku Nigeria kuli kampani ya Comic Republic yomwe ili ndi Guardian Prime, komanso pali Roye Okupe wobadwira komweko, wa YouNeek Studios, yemwe analemba Malika ndi Iyanu.

Chachisanu ndi chimodzi, mukakonda nkhani onani dzina la mlembi ndi wojambula pachikuto nkuwatsata iwowo. Batman yemweyo amakhala wokoma mmanja mwa uyu, wosakoma mmanja mwa uyo. Mwachitsanzo ngati Year One yakugwirani mtima, Miller ndi Mazzucchelli omwewo anapanga Daredevil: Born Again mu 1986, momwe mkulu wa zigawenga Kingpin amagula dzina lenileni la Daredevil nkuyamba kumugwetsa pang'onopang'ono, ndalama kubanki kutsekedwa, ntchito ya uloya kutha, nyumba kuphulitsidwa, mpaka munthu kumagona mumsewu. Mwina Daredevil simunamuganizireko nkomwe koma mupezeka mwamukonda.

Chomaliza, nkhani zikuluzikulu zosonkhanitsa ma superhero ambirimbiri pamodzi zibwere pambuyo. Ndikudziwa kuti mtima ukuthamangira kwa Thanos, koma kuyambira pamenepo kuli ngati kufika pa ukwati wa eni ake, aliyense akudziwana inu nokha ndiye mlendo. Mukawerengako mabuku angapo ndiye tengani The Infinity Gauntlet ya mu 1991 ya Jim Starlin, magawo 6, mudabwa kuti mmenemu Thanos amapha theka la zamoyo zonse kumayambiriro kwenikweni ndipo chifukwa chake nchosiyana ndi cha mufilimu, akufuna kusangalatsa Imfa yomwe imaoneka ngati mkazi ndipo iye anaikonda. Civil War ya Mark Millar ndi Steve McNiven, magawo 7, imayamba ndi kuphulika pafupi ndi sukulu ku Stamford komwe kumachititsa boma kulamula kuti ma superhero onse alembetse maina, Iron Man akuvomera Captain America akukana. Werengani magawo 7 okhawo, timabuku tapambali tambirimbiri tomwe amalemba dzina lomweli pachikuto mutha kutisiya.

Watchmen ya Alan Moore ndi Dave Gibbons ndi The Dark Knight Returns ya Miller, zonse zinayamba mu 1986, aliyense pa intaneti akuuzani kuti muyambire pamenepo. Ine ndikuti ayi, dikirani. Mabuku awiriwa analembedwa kuti atsutse ndi kugwedeza zomwe owerenga anazolowera pa ma superhero, ndiye ngati simunazolowere kalikonse theka la kukoma kwake likudutsani. Komanso muli nkhanza ndi zachikulu zoti simungasiye pampando ana ali pomwepo. Watchmen mukafika nayo musadumphe masamba a mawu okhaokha omwe ali kumapeto kwa magawo ake, ndi mbali ya nkhani, ndipo gawo 5 mukalimaliza muliyang'anenso kuchokera pakati kupita mbali zonse ziwiri, masamba ake anawayala mofanana kutsogolo ndi kumbuyo.