Agogo akachita sitiroko, musamawachitire zonse

Ambirife agogo akachita sitiroko, matenda aja ofooketsa ziwalo za mbali imodzi ya thupi, timawachitira chilichonse: kuwaveka, kuwadyetsa, mpaka kuwapukuta pakamwa. Ndi chikondi ndithu, koma mkono wongokhala umauma msanga.

Povala malaya, ayambe kulowetsa mkono wofookawo, wamphamvuwo ubwere pambuyo. Povula, wamphamvuwo ndiye uyambe kutuluka. Azichita izi atakhala pampando, osati ataimirira. Mabatani akamawavuta, apezereni malaya okulirapo, kapena telala asokerepo timalamba tomata tija m'malo mwa mabatani. Zimatenga nthawi, mwina mpaka phala kuzizira, koma alekeni amalize okha. Inu mungothandiza pamene akakamira.

Supuni ikamapulumuka m'manja, kulungani chogwirira chake ndi kansalu kuti chinenepe. Kubafa ikaniko kampando kolimba. Chovuta kwambiri ndi kunjuta pachimbudzi chokumba, makamaka kwa amene mawondo anafooka kale. Kalipentala angathe kukhoma mpando wobowola pakati, wokhala ndi pogwira, woika pamwamba pa dzenjelo. Mphasa zopindika m'mbali zichoke m'njira yawo.

Ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre amaphunzitsa zoterezi. Kafunseni kuchipatala chanu za kalata yowatumizira kumeneko.