Tramadol ndi morphine: zoyang'anira mukamadwazika kunyumba

Ndinadwazika mayi anga miyezi isanu ndi iwiri kwathu ku Ulóngwe m'dziko la Mozambique, atadwala khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba ndi tramadol, ululu utakula adokotala anawasinthira ku morphine wakumwa. Achibale anachita mantha, ati morphine ndi mankhwala otsanzikira. Koma tramadol ankangomuyesa panado, moti amalume ankapemphako makapisozi awiri msana ukawavuta pochokera kumunda wa mbatatesi. Ndinkawakaniza, ndipo tinayambana.

Mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi, onse amazoloweretsa thupi, koma amavulaza mosiyana. Tramadol ndi wocheperako mphamvu, ndipo munthu wamkulu sayenera kupitirira 400 mg pa tsiku. Kuipa kwake n'kwakuti amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Ngati wodwala wanu ali ndi khunyu, kapena amamwa amitriptyline kapena fluoxetine (mankhwala a matenda ovutika maganizo), auzeni adokotala asanalembe.

Morphine wamadzi amamwedwa maola anayi alionse, ndipo woonjezera mlingo ndi dokotala yekha. Choopsa chake chili pa kupuma. Phunzirani kuwerenga mpweya. Wodwala akagona, khalani pambali, yang'anani bulangeti likamakwera ndi kutsika pachifuwa, muwerenge kwa mphindi imodzi pa wotchi ya foni. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Mukapeza kosafika 10, mukumugwedeza koma sakudzuka, mwanadiso wachepa ngati nsonga ya singano, mugonekeni cham'mbali ndipo thamangani naye kuchipatala. Tengani botolo la mankhwalawo. Kumeneko amabaya naloxone, amene amabweza morphine bwino, koma pa tramadol amangothandiza mbali ina. N'chifukwa chake anamwino ayenera kudziwa chimene wodwala wamwa.

Kachasu kapena diazepam (mankhwala ogonetsa) pamodzi ndi aliyense wa awiriwa, ayi ndithu. Mkodzo ukayamba kuchepa kanenenso, chifukwa impso zikafooka morphine amaunjikana m'thupi.

Chimene palibe anandichenjeza mokwanira ndi kudzimbidwa kobwera ndi mankhwalawa. Mayi anatha masiku anayi osapita kuchimbudzi, akulira kuposa mmene ankalirira ndi khansayo. Pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo loyamba. Papaya ndi madzi zimathandiza, koma pazokha sizikwanira.

Musamusiyitse wodwala tramadol kapena morphine mwadzidzidzi, thupi limanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Ine ndinkalemba ola lililonse lomwera m'kope la mwana wasukulu, botolo n'kulikiyira m'sutikesi, kiyi ndili naye m'khosi.