Momwe mungapezere chilolezo chofufuza zitsulo zakale pabwalo la sukulu ku England

Mwana wanga wachisamba atakwanitsa zaka 12 anapempha mphatso imodzi yokha: makina ofufuzira zitsulo pansi, aja kuno amawatcha metal detector. Loweruka loyamba tinazungulira nawo kadimba ka kuseri kwa nyumba n'kupeza misomali, chitsekerero cha botolo ndi kakhobidi kamodzi. M'mawa mwake mnyamata analoza bwalo la mpira la sukulu yapafupi. Ana anali pa holide, geti linali lotsegula, ndipo abambo osamalira malowo anati iwo alibe nazo vuto. Ola lisanathe panatulukira amayi ena a mu ofesi, n'kutifunsa mwaulemu koma mosaseka kuti watilola ndani. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wanga, ndipo wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinapempha kwa munthu amene analibe mphamvu yololeza.

Kwathu tinazolowera kuti bwalo la sukulu ndi la mudzi wonse. Mbuzi zimadya msipu pomwepo, anyamata amamenya mpira, amfumu amaitanitsa msonkhano. Ku England si choncho. Makinawo safuna laisensi, aliyense angagule, koma nthaka iliyonse ili ndi mwini wake. Kukumba osaloledwa ndi kulowerera malo a eni, ndipo kunyamula chimene mwapeza kungasanduke mlandu wakuba pansi pa lamulo la Theft Act la 1968. Masukulu ali ndi chitetezo chinanso: gawo 547 la Education Act ya 1996 likuti ndi mlandu kupezeka pamalo a sukulu popanda chilolezo n'kumasokoneza, ndipo apolisi angakutulutseni. Kwa ife amene tikudikira mapepala okhazikika m'dziko muno, mlandu ngakhale waung'ono ungadzatipweteke pa tsiku lofunsira. Nayi njira imene ndinaphunzira pambuyo pake.

Choyamba, pezani mwini nthaka weniweni

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Timaganiza kuti ahedi ndiwo eni malo, pomwe nthawi zambiri iwo amangoyendetsa sukulu. Sukulu zotchedwa community school, nthaka yake ndi ya khonsolo. Za mtundu wa academy zambiri zinachita kubwereka malowo ku khonsolo pa mgwirizano wa zaka 125, ndiye woyendetsa ndi bungwe la academy koma mwini akadali khonsolo. Sukulu za mpingo, monga za Anglican kapena Katolika, nyumba zake zimakhala m'manja mwa dayosizi kapena matrasiti, koma bwalo la masewera lingathe kukhala la khonsolo. Sukulu imodzi, eni awiri. Zapulaiveti nazo zili ndi bungwe kapena kampani yawo.

Imbani foni ku ofesi ya sukulu ndi kufunsa amene amayang'anira za chuma ndi malo, yemwe amamutcha school business manager. Funso lanu likhale lolunjika: bwaloli ndi la ndani, ndipo angavomereze kukumba ndi ndani? Ngati yankho silikumveka bwino, fufuzani pa webusaiti ya HM Land Registry, komwe mungagule chikalata cha umwini wa malowo ndi mapaundi ochepa. Mufunika chilolezo cha mbali zonse ziwiri, mwini nthaka ndi amene akuigwiritsa ntchito. Cha mlonda, cha wotchetcha kapinga kapena cha mphunzitsi amene mumapemphera naye sichingakuomboleni.

Onaninso tsamba la khonsolo yanu. Makhonsolo ambiri analetseratu kufufuza zitsulo pa malo awo onse. Ngati yanu ili m'gulu limeneli ndipo bwalo ndi lawo, nkhani yathera pomwepo, musatayenso nthawi.

Chachiwiri, onani ngati malowo ndi otetezedwa

Sukulu zina zinamangidwa pafupi kapena pamwamba pa mabwinja a Aroma ndi malinga akale. Malo otere akalembedwa kuti scheduled monument, gawo 42 la Ancient Monuments and Archaeological Areas Act ya 1979 limaletsa ngakhale kungoyendetsapo makina popanda kalata ya Historic England, bungwe losamalira malo akale. Ku Wales lamulo lake ndi lina, ndipo kalatayo imachokera ku bungwe la Cadw. Ngakhale mwini nthaka atavomera, lamuloli likugwiranibe. Mapu a National Heritage List for England ndi a MAGIC ali pa intaneti mwaulere. Lembani positikhodi ya sukulu, muona nokha.

Chachitatu, khalani ndi inshulansi

Lowani bungwe la National Council for Metal Detecting. Umembala wake umabwera ndi inshulansi yolipira zowonongeka mpaka mapaundi 10 miliyoni. Palibe sukulu imene ingakumvereni popanda pepala limeneli, chifukwa nkhawa yawo ndi mwana wothyoka bondo m'dzenje limene inu munasiya.

Chachinayi, pemphani polemba

Musangotulukira pageti ndi makina paphewa. Lembani imelo yaifupi yonena dzina lanu, komwe mumakhala, ngati ndinu kholo la pasukulupo, ndi chimene mukufuna. Ikanimo nambala ya umembala ndi umboni wa inshulansi. Tchulani kuti mudzabwera ana kulibe, pa holide kapena Loweruka, ndi kuti mudzatsata malangizo a Code of Practice for Responsible Metal Detecting a 2017. Mwina adzafuna kuona chikalata cha DBS chosonyeza kuti mulibe mbiri yoipa pa nkhani za ana. Musakhumudwe nazo, ndi udindo wawo, ndipo inenso monga kholo ndimafuna azifunsa aliyense.

Ganizirani zimene sukulu ipindule. Pempho longoti "ndiloleni" ndi losavuta kukana. Koma mukanena kuti mudzatola misomali ndi zitsulo zakuthwa zimene zingabaye ana, ndi kuti zakale zimene mwapeza mudzazipereka kwa mphunzitsi wa mbiri yakale kuti aonetse m'kalasi, ahedi amakhala ndi mfundo yoti akanene ku komiti ya sukulu.

Akavomera, pasakhale za pakamwa. Sainiranani pepala lokhala ndi masiku, mbali ya bwalo imene mwaloledwa, kuzama kwa dzenje, komanso amene adzatenge zopezekazo. Mfundo yomalizayi ndi imene imadanitsa anthu. Zinthu zakale zokwiririka m'nthaka, ngati si chuma cha boma, mwalamulo ndi za mwini nthaka, osati za wozifukula, pokhapokha mutagwirizana zina. Ambiri amagwirizana kugawana pakati. Mu 2009 Terry Herbert anapeza golide wambiri wa nthawi ya Anglo-Saxon m'munda wa mlimi Fred Johnson ku Staffordshire. Chumacho anachiwerengera mtengo wa mapaundi 3.285 miliyoni, ndipo awiriwo anagawana ndalamazo chimodzimodzi. Pabwalo la sukulu simungayembekezere zotere, koma kambiranani ndalama isanaoneke.

Chachisanu, tsiku lokumba

Nyamulani pepala lija m'thumba, chifukwa anthu oyandikana ndi sukulu saachedwa kuimbira apolisi akaona munthu ndi fosholo. Funsani osamalira malo kuti mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi anadutsa pati. Pewani pakati pa bwalo la mpira ndi pamene amasewerera cricket, yendani m'mbali, pansi pa mitengo ndi m'mphepete mwa mpanda. Dulani kapinga mbali zitatu, mumupinde ngati chivindikiro, dothi muliike pansalu, ndipo mukatha mubwezeretse n'kupondapo mpaka pasaoneke. M'chilimwe nthaka ikauma musakumbe, kapinga wodulidwa amafa n'kusiya zigamba zimene zidzatseketsa mwayi kwa aliyense wobwera m'mbuyo mwanu.

Mphete, makiyi, foni kapena tcheni cha masiku ano chili ndi mwini wake, mwina mwana wa pasukulupo. Kasiyeni ku ofesi. Mukakumana ndi chipolopolo kapena chinthu chooneka ngati bomba la nthawi ya nkhondo, kaya mafupa a munthu, lekani pomwepo, musakhudze, imbani apolisi.

Chachisanu ndi chimodzi, mukapeza chakale

Lembani malo enieni amene mwachipeza ndipo musachikweche. Treasure Act ya 1996 imatcha chuma cha boma zinthu monga izi: chinthu cha zaka zosachepera 300 chokhala ndi golide kapena siliva wokwana magawo 10 pa 100, makobidi agolide kapena asiliva awiri kapena kuposa a msinkhu womwewo opezeka pamodzi, kapena makobidi 10 a zitsulo wamba. Kuyambira mu 2023 lamulo linaphatikizanso zinthu zachitsulo za zaka zosachepera 200 zimene zili zofunika mwapadera pa mbiri ya dziko. Muli ndi masiku 14 kuchokera pamene mwazindikira kuti mwina ndi chuma kuti mudziwitse coroner wa deralo, mkulu wa zamalamulo amene amagamula ngati chinthucho ndi chuma cha boma. Njira yosavuta ndi kudzera kwa Finds Liaison Officer, katswiri wa zinthu zakale wa Portable Antiquities Scheme, ntchito yolemba zakale zopezedwa ndi anthu wamba imene ku England imayendetsedwa ndi British Museum. Iwo amathandiza mwaulere, ndipo amalembanso m'kaundula ngakhale zinthu zimene si chuma, monga mabatani ndi zomangira malamba zakale.

Kubisa ndi mlandu wa miyezi itatu kundende, chindapusa, kapena zonse ziwiri, ndipo zingakule kuposa apo. George Powell ndi Layton Davies anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking pafupi ndi Leominster mu 2015, sananene, nayamba kugulitsa mobisa. Mu 2019 khoti linawapeza olakwa pa mlandu wakuba n'kuwalamula kukakhala kundende zaka zambiri.

Abale a ku Scotland ndi Northern Ireland asatengere zonsezi. Ku Scotland chakale chilichonse chopezeka, kaya ndi chagolide kaya chamkuwa, chiyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit. Ku Northern Ireland kukumba pofuna zinthu zakale kumafuna laisensi ya boma.

Ife tinalemba kalata yathu patapita milungu iwiri, ndipo sukulu ija inakana, chifukwa bwalo linali la khonsolo yoletsa. Koma amayi a mu ofesi aja anatilozera kalabu ya ofufuza zitsulo ya m'dera lathu, imene ili ndi mgwirizano ndi alimi. Lamlungu lina m'dzinja, m'munda wongokololedwa kumene, mnyamata anafukula peni ya Mfumukazi Victoria, yakuda ndi yoperepeseka, ndipo anathamanga nayo kukaonetsa mwini munda asanandionetse ine.